Nkhope ya Chisamba

Mumsewu wathu, pakati pa shopu yokonza mafoni ndi kachipinda ka wometa tsitsi, pali situdiyo ya a Mwetulirani. Dzinali linachokera pa ntchito yawo. Aliyense amene wakhala pampando wawo wojambulira amauzidwa mawu amodzimodzi: "Mwetulirani pang'ono, akulu, kuno si kupolisi." Ana amene anawajambula ali kumsana pano ali ndi ana awoawo, ndipo nawonso amawaitana choncho.

Situdiyoyo ndi chipinda chimodzi chogawidwa ndi katani. Kutsogolo kuli kauntala ya galasi, m'kati mwake muli mafelemu ndi zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Kuseri kwa katani kuli mpando wozungulira, magetsi awiri okhala ndi maambulera oyera, nsalu ya buluu yopachika kukhoma, ndi jekete lakuda lobwereketsa anthu ofuna chithunzi chofunsira ntchito. Jeketelo lavalidwa ndi onenepa ndi owonda omwe, moti mapewa ake anasiya kusankha munthu. Pakona pali kompyuta ndi makina osindikizira amene amalira ngati akudandaula.

Mwiniwake ndi bambo wamtali, wofatsa, wandevu zodzaza masaya. Ndevuzo sanazisunge chifukwa cha fashoni. Pansi pake pali timaenje ndi zipsera, khungu lokumbika ngati msewu wafumbi mvula ikatha. Ziphuphu zinawayamba atangolowa sekondale, ndipo sizinali tiziphuphu tija timatuluka lero n'kuuma mawa. Zinali zotupa zikuluzikulu, zolimba, zopweteka ngakhale potsamira pilo, zina zotuluka mafinya ndi magazi. Anzawo anawapatsa dzina loti Chipwete. Mphunzitsi wina atalimva dzinalo anaseka m'malo moletsa, ndiye linakhazikika.

Aliyense anali ndi mankhwala ake. Uyu akuti chepetsa mtedza, uyo akuti ndi uve, winanso akuti ndi msinkhu chabe, ukadzakwatira zidzatha. Anadzikwecha ndi sopo wochapira zovala, anapaka mandimu, anapaka mankhwala otsukira mano, anaboola ndi phini. Bambo awo, omwe nawonso anali ndi masaya okumbika, ankangoti, "Nkhope ya mwamuna ndi ntchito yake," n'kutembenukira ku wailesi. Ziphuphuzo zinadzatha zokha iwo atakula ndithu, koma zinatha zitamaliza kale kulima.

Ntchito yojambula anaikonda chifukwa kamera imaphimba nkhope ya woigwira. Paukwati kapena paphwando palibe amene amayang'ana wojambula. Makompyuta atabwera anaphunzira kusalaza khungu pachithunzi, ndipo pa luso limeneli analibe mnzawo mumsewu wonse. Chiphuphu chinkachoka osasiya chizindikiro, munthu n'kuonekabe kuti ndi iye yemwe. Kalaliki wina anabwera ndi chachikulu pamphuno penipeni, nati, "Ichi muchichotse, abwana angaone ngati ndayamba kulandira ziphuphu poyera." Ambiri sankafunika n'kupempha komwe. A Mwetulirani ankangosalaza osafunsa, monga mmene telala amadulira ulusi wolendewera pa malaya.

Akazi awo ndi telala, mayi wa khungu losalala ndi pakamwa posapsatira. Mwana wamkazi atabadwa, a Mwetulirani anamuyang'anitsitsa n'kupuma mpweya wautali: watengera amake. Pakhomo ankamuitana kuti Chisamba, ngakhale pambuyo pake sipanabwerenso wina. Anali mwana wa phokoso. Akaweruka kusukulu ankathamangira kusitudiyo, kuvala jekete lija mpaka m'mawondo, n'kumalamula makasitomala kuti akweze chibwano.

Ziphuphu zoyamba zinatuluka pamphumi ali kumayambiriro kwa sekondale. Amake anati ndi msinkhu. Koma mtima wa bambo ake unagwa, chifukwa anazizindikira monga munthu amazindikirira mapazi a mdani wake pakhonde. Chaka chisanathe zinatsikira m'masaya ndi m'nsagwada, kenako kumsana. Zinali zomwe zija, zolimba, zakuya, zosafuna kuphulika.

Apa ndiye anachita chinthu chimene iwo eni sanachidziwe kuti akuchichita. Anasiya kumuyang'ana mwanayo kumaso. Akamamufunsa za kusukulu ankayang'ana m'mbale. Akamamutuma ankayang'ana chitseko. Akangoona tsaya lotupalo ankamva ngati munthu amene wagunda mwana ndi njinga n'kuthawa, ndiye tsiku ndi tsiku akukumana naye panjira. Pofuna kuti achitepo kanthu, anagula sopo wamphamvu wonunkha mankhwala, namuuza kuti azisamba kumaso pafupipafupi ndi kukwecha bwinobwino. Ankadziwa kuti sopo iwo sanawathandize. Anagulabe, chifukwa kugula sopo kunali kosavuta kusiyana ndi kukhala naye pansi.

Tsiku lina kunabwera azakhali ake a Chisamba, achemwali aakulu a a Mwetulirani, mayi amene analera mlongo wawoyo ndipo mpaka lero amamulankhula ngati akadali wa kabudula. Anamugwira mtsikanayo chibwano n'kumutembenuzira kuwindo.

"Bambo mbuu, mwana mbuu," anatero. "Koma izi pa mtsikana zimatanthauza zina. Iwe, sunayambe anyamata iwe?"

Chisamba anayang'ana bambo ake kuti amuyankhire. Iwo anali kupukuta galasi la kamera, ndipo anapitiriza kupukuta.

Azakhaliwo anabweranso ndi kabotolo ka mafuta opanda chizindikiro, akuti mnzawo amagulitsa ndipo sachedwa kugwira ntchito. Zoonadi, poyamba zotupa zinaphwa, nkhope inayera, pakhomo panabwerera kuseka. Kabotolo katatha, ziphuphu zinabwerera ndi abale awo. Khungu linafiira, linayamba kuyabwa ndi kuwotcha dzuwa likawala. Chisamba anasiya kupita kusitudiyo. Anayamba kupesera tsitsi kumaso ndi kukhala mpando wakumbuyo m'kalasi.

M'chaka chake chomaliza, sukulu inafuna zithunzi za ziphaso zolembera mayeso, ndipo kalasi yonse inatumizidwa kwa a Mwetulirani. Anawo anandanda mpaka pakhomo pa wometa, akukankhana ndi kubwerekana zipeso. Aliyense akakhala pampando ankauzidwa mawu aja, n'kuseka. Itafika nthawi ya Chisamba, bambo ake anabisala kuseri kwa kamera n'kungoti, "Kweza mutu." Kamera inalira, wotsatira anakhala.

Masana amenewo anakhala pa kompyuta kukonza zithunzizo. Atafika pa cha mwana wawo anachikuza, nkhope n'kudzaza galasi lonse. Kanali koyamba kumuyang'ana bwinobwino patapita nthawi yaitali. Anaganiza zongochotsa chotupa chimodzi chimene chinali pansi pa diso. Atachotsa chimenecho, cha patsaya chinaoneka kwambiri. Dzanja linapitirira lokha. Pomaliza, pagalasipo panali mtsikana wa nkhope yosalala ngati ya amake, ndipo a Mwetulirani anamuyang'ana nthawi yaitali, mtima uli mbee, asanasindikize.

Mawa lake aphunzitsi a kalasi ankagawa zithunzizo mmodzimmodzi. Atafika pa chimenecho anachikweza m'mwamba. Sanachite mwachipongwe ayi, sanamuzindikiredi.

"Uyu ndani? Tili ndi mlendo m'kalasi muno?"

Mnyamata wina anasuzumira n'kukuwa kuti ndi mwana wa ojambula, wachapidwa ndi kusitidwa. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Aphunzitsi anawakhalitsa chete, koma anamuuza Chisamba kuti chithunzi cha mayeso chiyenera kufanana ndi mwiniwake, akajambulitsenso.

Anafika kusitudiyo akadali mu yunifolomu. Kuseri kwa katani kunali kasitomala atavala jekete lija, akudikira. Mtsikanayo anaika chithunzicho pa kauntala.

"Adadi, aphunzitsi akuti akufuna chithunzi changa. Ichi akuti ndi cha munthu wina."

"Ndimati ndikuthandize, mwanangu."

"Ndikudziwa. Ndi wokongola mwana wanuyu. Mumusunge." Sanakweze mawu. "Ine munasiya kalekale kundiyang'ana. Mukamandilankhula mumayang'ana mbale. Anzanga akandiseka ndimati ndi anthu chabe. Koma inunso ndimakunyansani, adadi?"

A Mwetulirani anayang'ana chithunzi chija pa kauntala. Ankafuna kumuuza kuti si kunyansidwa, ndi manyazi. Kuti akamuyang'ana amadziona okha, ndipo amadziwa kumene matendawo anachokera. M'malo mwake anatembenukira ku kompyuta, napeza chithunzi choyambirira chija, nachisindikiza. Makina analira mpaka kumaliza. Chisamba anachitenga chikadali chofunda n'kutuluka. Kasitomala uja anavula jekete mwakachetechete, nati abweranso tsiku lina.

Madzulo akazi awo anamva nkhaniyo akusoka diresi la munthu. Anaimitsa makina.

"Bambo a Chisamba, nkhope munamupatsa, koma simunasankhe, palibe angakuimbeni mlandu. Nanga maso anuwo anakuletsani ndani? Inu ndi amene mukudziwa ululu wake pakhomo pano. Ine sindikuudziwa. Ndimati tsiku lina mukhala naye pansi, koma inu ndi sopo basi."

"Ndikanamuuza chiyani? Kuti zidzatha? Tandiyang'anani ine."

"Mukanamuuza zomwezo. Kapena mukanapita naye kuchipatala. Nthawi yanu ija inapita, pano kuli madokotala a khungu."

Zoti munthu angapite kuchipatala chifukwa cha ziphuphu zinali zisanawabwererepo a Mwetulirani m'mutu. Kwawo kuchipatala kunkapita wa malungo ndi wothyoka mwendo. Sabata yotsatira anatseka situdiyo, chinthu chimene sankachita ngakhale akudwala, nakwera basi ndi mwana wawo. Chisamba anakhala kuwindo, maso ali kunja njira yonse.

Chipinda cha odwala khungu chinali kumapeto kwa khonde lalitali, benchi lake litadzaza ndi anthu okanda. Dokotala anali mayi wa magalasi, wofulumira polankhula. Anayatsa tochi n'kuyang'ana masaya a Chisamba, nsagwada ndi msana. Anafunsa zimene wakhala akupaka, ndipo atamva za kabotolo kaja anapukusa mutu.

"Mafuta otere nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala amphamvu ophwetsa zotupa. Amanyenga. Amapyapyalitsa khungu, ndipo ukasiya, matenda amabwerera ndi mkwiyo. Osapakanso." Kenako anayang'ana a Mwetulirani, osati m'maso koma m'ndevu. "Bambo, inunso zinakuvutani kwambiri, eti?"

"Eya, adokotala."

"Nanga makolo anu?"

"Bambo anga."

Dokotala anatenga cholembera n'kujambula kabowo pa pepala. Anafotokoza kuti pakhungu pali timabowo momwe mumatulukira mafuta a thupi. Mwana akamakula, mahomoni, omwe ndi timadzi ta m'thupi tosintha mwana kukhala wamkulu, amachititsa kuti mafutawo achuluke. Kabowo kakatsekeka ndi mafuta ndi khungu lakufa, tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya, timene timakhala pakhungu la munthu aliyense ngakhale wosamba bwanji, timaswana m'katimo. Thupi likayamba kulimbana nato, pamatupa.

"Ndiye si uve," anatero. "Kukwecha kumangowonjezera moto. Si anyamatanso, ngati alipo anakuuza zimenezo." Chisamba anaweramitsa mutu. "Koma kuti wina zimuvute chonchi pamene mnzake zangomukhudza pang'ono, nthawi zambiri zimayendera kumtundu."

"Ndiye kuti ndine ndinamupatsa," anatero a Mwetulirani.

"Mbali ina, inde. Zimenezo sitingazisinthe, ndipo sizindidandaulitsa. Chondidandaulitsa ine n'chakuti mwachedwa. Zotupa tizigonjetsa. Koma onani apa, ndi apa." Analoza ndi tochi m'munsi mwa tsaya. "Izi ndi zipsera kale. Akanabwera zitangoyamba kuzama, zambiri mwa izi bwenzi kulibe."

Dokotalayo sananene mokalipa, anangonena monga munthu wonena nthawi. Kenako anawapempha kuti atuluke pang'ono, akufuna afunse mtsikanayo za kumwezi. A Mwetulirani anakakhala pa benchi pakati pa anthu okanda aja. Anawerengera m'mutu masopo onse anagula, ndi masiku onse anadya moyang'ana m'mbale, mwana akukumbika pamaso pawo. Mayi wina woyandikana nawo anawafunsa ngati akumva chizungulire.

Anabwerako ndi mapiritsi opha mabakiteriya omwa kwa miyezi yochepa chabe, mankhwala opaka m'mawa, ndi ena opaka pogona otsegula timabowo tija. Dokotala anawachenjeza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha: poyamba zioneka ngati zikuipiraipira. Zinaterodi. Khungu linauma n'kuyamba kusupuka m'mbali mwa mphuno, milomo inang'ambika, dzuwa linkamuwotcha moti ankayenda ndi chipewa. Mankhwala a m'mawa aja anayeretsa matawulo ndi mapilo onse m'madonthomadontho, amake n'kumadandaula kuti nyumba yasanduka ya kambuku. Chisamba anafuna kusiya. Tsiku limenelo bambo ake analowa kuchipinda kwake, anakhala pa mpando wowerengera, namuuza za dzina la Chipwete, za phini, za mphunzitsi amene anaseka. Ankalankhula akumuyang'ana, ngakhale maso ankafuna kuthawa. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Bwanji simunandiuze kale?"

Bambo ake anapitiriza kumuyang'ana kumaso, osatembenukira kwina.

Atabwerera kuchipatala, zotupa za pamphumi ndi kumsana zinali zitachepa, koma za m'nsagwada zinkabwerabe mwezi ndi mwezi. Magazi anaonetsa kuti mahomoni ena ndi ochuluka kuposa muyeso, n'chifukwa chakenso kumwezi kwake kunkadumphadumpha. Dokotala anafotokozera Chisamba ndi amake kuti mankhwala othandiza pamenepo ndi mapiritsi omwe aja amayi ena amamwa polera, chifukwa amakhazika mahomoni m'malo mwake. Amake anazengereza, koma anavomera.

Azakhali anaona paketiyo pa tebulo atabwera kudzacheza. Nyumba inachepa.

"Ndinanena ine! Mwana wa sukulu, mapiritsi olera? Inu alamu, mukumuphunzitsa chiyani mwanayu? Ndipo iwe," anatembenukira kwa mlongo wawo, "wangokhala duu ngati chitsa?"

A Mwetulirani anali asanawayankhepo achemwali awowo chibadwire.

"Achemwali, mankhwalawa walemba ndi dokotala, ndipo ndi a khungu. Mwanayu sanalakwe kanthu. Munamunenera zoipa tsiku lija ine ndili pomwepo, ndipo ndinakhala chete. Mafuta anu aja anamuwononga, inenso ndinawalola. Lero ayi."

Azakhali ananyamula chikwama chawo n'kunena kuti pakhomo pano sadzapondanso. Anakwiya nyengo yonse ya mvula, kenako anabwera ndi nsalu yoti alamu awo awasokere, nkhaniyo osaitchulanso. Chisamba anamva zonse ali kuchipinda. Sanathokoze. Koma mawa lake anadzera kusitudiyo pochokera kusukulu, nakhala pa kauntala kuwerenga mpaka nthawi yotseka.

Pofika nthawi ya mayeso, nkhope inali itaphwa. Panatsala madontho akuda amene anazilala pang'onopang'ono, ndi timaenje m'munsi mwa tsaya lamanzere ndi m'nsagwada. Timeneto tilipo mpaka lero. Dokotala anati pali njira zotichepetsera, koma Chisamba anati watopa ndi zipatala. Anakhoza bwino, anakaphunzira za uphunzitsi, ndipo pano amaphunzitsa masamu m'tauni ina. Anakwatiwa ndi mphunzitsi mnzake, mnyamata woseka mokweza. Ndi bambo ake amagwirizana, amaimbirana foni, amasekana. Koma phokoso lija anali nalo ali mwana silinabwererenso lonse. Ndi mayi wolankhula moyeza mawu, ndipo akakhala pagulu amakonda kutsamira tsaya lamanzere padzanja. A Mwetulirani akaona dzanjalo amasiya kudya.

Akazi awo amawauza kuti madzi akatayika saoleka, mwana ali bwino, asiye kudzizunza. Iwo amavomera ndi mutu. Kusitudiyo masiku ano amafunsa kaye asanasalaze munthu. Ndipo kholo likabwera ndi mwana wa masaya otupa, amalitengera pambali n'kulilongosolera njira ya kuchipinda chija cha kumapeto kwa khonde. Ena amathokoza. Ena amakwiya, amati tabwera kudzajambulitsa, osati kudzapimidwa, ndipo sabweranso.

Chaka chino Chisamba anaimba foni masana, bambo ake ali pakati pojambula gulu la kwaya. Anawauza kuti ndi woyembekezera, ndipo dokotala wamusiyitsa mankhwala onse a khungu chifukwa ena angavulaze mwana.

"Ndiye zabwereranso, adadi. Chibwano chonse. Ana a m'kalasi mwanga akuti madamu ayambanso kukula." Anaseka.

A Mwetulirani anasekanso, namufunira zabwino ndi chimwemwe chenicheni. Koma atadula foni anazindikira kuti chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu mwawo sichinali dzina la mdzukulu, kapena ngati adzakhale mnyamata kaya mtsikana. Anaganiza za khungu la mdzukuluyo. Anachita manyazi kwambiri moti anaima kaye kuseri kwa katani, a kwaya akudikira ndi mayunifolomu awo ofiira.

Madzulo anawaululira akazi awo zimenezo. Mayiwo sanaimitse n'komwe makina.

"Akadzatengera, adzatengera. Amake njira akuidziwa. Inu mawa mupite mukagule beseni ndi nsalu zofewa, ndiyambe kudula matewera."

M'mawa mwake anatsegula mochedwa. Anthu anawaona akudutsa mumsewu atanyamula beseni lalikulu lobiriwira, wometa n'kuwakuwira kuti kodi ayamba bizinesi yochapa.